Fungo la Bulugama pa Loji ya ku Nancholi

Titangokwatirana tinkayenera kupita ku Joni kwa mchemwali wanga, koma matenda a korona atavuta, malire anatsekedwa. Amuna anga anati tikangokhalako masiku atatu pa loji ina ku Nancholi, poti kwathu ku Ndirande alendo sakanatipatsa mpata.

Pageti mlonda anatiloza pachipumi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, n'kutilola kulowa. Tsiku lachiwiri m'mawa amuna anga anayamba kutsokomola, chifuwa chouma chija ankachinena pa wailesi. Thupi lawo linali moto. Masiku amenewo wopezeka ndi matendawa ankamutengera kumalo osungirako odwala ku Kameza, ndipo womwalira ankaikidwa ndi anthu ovala zoyera, abale ataima patali. Amuna anga akamatsokomola, ine ndinkathamangira kubafa kukatsegula mpopi kuti a m'zipinda zina asamve.

Masana ndinazemba kukathyola masamba a bulugama kuseri kwa mpanda, n'kuwabisa m'chitenje. Ndinabwereka ketulo kwa mayi wokonza m'zipinda, ndikunama kuti ndikufuna tiyi. Ndinawiritsa masambawo, n'kuwafunditsa amuna anga bulangete kuti apume nthunziyo. Pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi thaulo kuti fungo lisatuluke.

Posakhalitsa wina anagogoda. Ndinati basi atigwira. Nditatsegula ndinapeza ali mayi aja. M'chipindamo sanasuzumiremo n'komwe.

"Mukamaliza mundipatse ketuloyo, achemwali," ananong'ona. "Masamba otsalawo musataye. Anzanu akudikira."

Atachoka ndinaima pakhomo n'kutchera khutu. M'zipinda zonse mipopi inali yotsegula.