Chingelezi cha m'khosi mwa malaya

Alamu anga a Dobi, amene anakwatira mlongo wanga, sukulu tinalekera limodzi. Ine ndimati ndinathawa chikwapu, iwo amati anathawa njala, koma tonse tinathawa masamu. Moyo wawo wathera m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato, pakati pa mabeseni, nsimbi ya makala ndi chingwe choyanikapo zovala chimene chimandivula chipewa ndikamalowa. Ndimapitako tsiku ndi tsiku kukawathandiza kukhala pansi.

Chingelezi anachiyamba imvi zili mbuu, chifukwa cha mdzukulu. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutali, n'kubereka kamtsikana kosadziwa ngakhale "zikomo". Akaimba foni, mayi ake ankati, "Lankhula ndi agogo." Kamwanako kankangopumira m'fonimo, alamu nawonso n'kumapuma, kenaka foni n'kuduka.

"Alamu," anandiuza tsiku lina, "ndidzafa mwana uja akundiyesa mphepo ya m'foni."

Buku analibe. Koma m'khosi mwa malaya mumakhala kansalu kolembedwa Chingelezi, kouza wochapa zoyenera kuchita. Zaka zonsezi ankangokapondereza ndi nsimbi, tsopano anayamba kukawerenga. Mwini chovala akabwera, sankachoka asanamasulire liwu limodzi. A Nesi ena, amene ankachapitsa yunifolomu yawo kumeneko, anawauza kuti "gentle" ndi kugwira chinthu mmene umasambitsira khanda. "Shade" ndi mthunzi. Pa "warm" alamu anakana kumvera pakamwa pokha. Anagwira dzanja la aphunzitsi ena ake n'kuliviika m'beseni.

"Ndi amenewa?"

"Awa ndi hot, bambo, mundiphika!"

Anathira ozizira pang'onopang'ono mpaka aphunzitsiwo anagwedeza mutu.

Lamulo lawo linali lakuti liwu lili ngati malaya, sungadziwe kuti likukukwana usanalivale. Ndiye liwu likabwera m'mawa, ankalivala mpaka madzulo. Tsiku la "delicate" analiveka mlongo wanga, mayi woti thumba la makala amasenza yekha.

"Mwayamba kunditukwana m'Chingelezi?"

"Ayi mayi, ndikuti ndinu osalimba, ofunika kugwira bwino."

"Wosalimba ndani?"

Tiyi wa tsiku limenelo tinamwa wopanda shuga. A Nesi atamva, anawalangiza kuti liwulo azilisiyira nsalu ndi maluwa. Ine alamu anandipezeranso kansalu kanga, "Do not wring". Ati ngakhale mutandifinya bwanji, simungatuluke kanthu.

Nane sindinkawasiya. "Mwanayo akabwera mudzamuuza chiyani? Kuti azisitidwa chotembenuza?"

"Inu mudzamuuza chiyani, a Bwana Chete?"

Patchuthi mdzukulu uja anabweradi ndi mayi ake. Kamwana konenepa masaya, kakukumbatira chidole cha galu chakhutu limodzi, chakuda bii ndi litsiro. Moni amene alamu anayeserera pagalasi anauluka onse. Anangoima, pakamwa yasa, mwana n'kubisala kumbuyo kwa mayi ake. Masiku anayamba kutha. Alamu ankasita mwakachetechete, ndipo ngakhale ine nthabwala zinandiuma.

Kutatsala pang'ono kuti abwerere, mayi ake anabwera naye kuchipinda chochapira n'kufuna kumulanda chidolecho kuti chichapidwe. Mwana anakuwa ngati wapondedwa. Mayi ake anatiuza kuti khutu linalo linadukira m'makina ochapira, ndipo kuyambira pamenepo salola munthu kuchikhudza.

Alamu anaika nsimbi pansi. Anagwada, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Chidole sanachigwire. Anangotembenuza kansalu ka pafupi ndi mchira, n'kuwerenga chala chikutsogola.

"Hand wash," anatero, akumuonetsa manja awo. "Warm. Gentle, gentle."

Mwana analeka kulira. "No machine?"

Alamu anayang'ana ine, ine ndinayang'ana kudenga. Mwayi wake liwu limenelo ndi pachibale ndi makina athu omwewa.

"No machine," anayankha.

Kamwana kanayenda kokha mpaka pabeseni, n'kupisa kachala m'madzi. "Too hot!" Alamu anathira ozizira monga anachitira ndi aphunzitsi aja, nkhope ili ngwee. Anachapa awiriwiri, thovu mpaka m'zigongono. Pofuna kuyanika pamthunzi, alamu anati apanire galuyo pakhutu lotsalalo. Mwana anawamenya dzanja. "Not the ear!" anatero, akukoka khutu la agogo ake. Liwu limenelo silinachokere m'khosi mwa malaya, ndipo analivala sabata yathunthu.

Masiku ano foni ikalira, nsimbi imazizira. Woimba amakhala mwanayo, kufunsa za galu, za mvula, za mawondo a agogo. Alamu amalakwitsa, iye amawakonza, onse n'kumaseka. Naye waphunzira "agogo" ndi "zikomo". Asanadule foni amafunsa ngati nkhalamba ya chipewa ija ilipo, ndipo amanditchula ndi dzina limene alamu anamuphunzitsa: Agogo Do Not Wring. Ndimavomera. Nanga ndikane m'chinenero chanji?