Kukatenga Mwala Wanga ku Chalimbana

Anandilanda zinthu ziwiri: munda wa bambo anga ndi sukulu. Bambo atamwalira, mng'ono wawo anagulitsa mundawo kwa anthu a ku Lusaka, nati za fizi ndiiwale. Ndinali Giredi 9. Tsopano ndimaumba mabuloko ku Silverest, pafupi ndi Lusaka, kumangira nyumba anthu onga omwe anagula munda wathu.

Loweruka lapitali ndinanyamuka kupita ku Chalimbana. Mnzanga wina anali atandiuza pa foni kuti a Sakala, amene ankatiphunzitsa mbiri yakale, adwala kwambiri. Sindinapite chifukwa cha chifundo. Ndinapita kukatenga changa.

Nthawi ya 7 koloko ndinali pamsewu waukulu. Minibasi ya ku Chongwe inaima, kondakitala atatulutsa mutu pawindo.

"Twente faifi, mudala."

"Nili na twente."

"Twente izakusiya panjira, kwasalako uzatsiriza na mendo. Kwera, nkhala apa."

Anandipatsa kampando kopinda, kaja kopanda potsamira. Ndinalipira twente yomweyo. Mbali zonse za msewu kunali mipanda ya mabuloko. Ina mwina ndinaumba ndine.

A Sakala sankadzaza bolodi ndi manotsi. Aphunzitsi anzawo ankawanena kuti ndi aulesi, ati mayeso safunsa za agogo a munthu. Iwo ankangotiuza kuti aliyense abweretse chinthu chakale cha kwawo. Wina anabweretsa ndalama yobowoka pakati, wina kolona wa agogo ake a kumishoni. Ankachiika patebulo n'kuyamba: anachigwira ndani? Ankadya chiyani? Anapita kuti? Ukawapempha yankho ankakana. "Mphunzitsi woyankha funso lake yekha ndi wakuba," ankatero, "wakubera kuganiza." Ankandikwiyitsa. Koma m'kalasi mwawo palibe ankagona.

Ine ndinabweretsa mwala woperera, uja wogwira m'manja, umene ndinaufukula polima m'munda mwathu. Bambo ankati pamene ankafika kuchokera ku Katete, malowo anali thengo lokhalokha. A Sakala anausisita mwalawo mbali yosalala.

"Ngati linali thengo, Dalitso, anapera ndani? Usiye pano. Lolemba kalasi yonse ikhala pa mwala wako."

Linali Lachisanu. Lamlungu bambo anamwalira. Kusukulu sindinapondekonso.

Ku Chongwe tinafika cha m'ma 9. Pamsika ndinagula nthochi za K10, poti kwa wodwala supita chimanjamanja.

"Ni za odwala?" anafunsa mayi wogulitsa. "Tengani izi zakupsa. Izo zinangu zifuna munthu wa mano."

Kenaka takisi yopita ku Chalimbana, K20 munthu mmodzi, anayi kumbuyo, awiri kutsogolo. Tinadikira munthu womaliza mpaka ndinatuluka thukuta. Pambali panga panali bambo wina wachikulire atanyamula katoni ya anapiye pamiyendo.

"Muyenda kwa ndani, mwana wanga?"

"Kwa ba Sakala, ba ticha."

"Aja ofunsafunsa?" Anaseka. "Anatuma mdzukulu wanga kudzanifunsa mwamene tinabwerera kuno. Ninakamba mpaka dzuwa kulowa, mwana anachita kuthawa. Nanga ndani wina ananifunsapo chinthu? Kunyumba amangonifunsa ndalama."

Anatsikira panjira ndi anapiye ake. Ine ndinatsika pafupi ndi yunivesite, n'kuyenda wapansi kudutsa timinda ta chimanga chouma. Njira yonse ndinkakonza zokanena. Ndinkafuna kuwafunsa chifukwa chake sanabwere kudzandifuna. Munthu wofunsa za anthu amene anasowa kalekale analephera bwanji kufunsa za mwana amene anasowa pa desiki lachitatu?

Dzuwa lili pamutu ndinaona nyumba yawo. Anyamata anali kutulutsa masofa m'nyumba n'kuwaika pansi pa mtengo wa mango. Aliyense wa kuno amadziwa chimene chachitika mipando ikamatuluka panja. Ndinaima ndi nthochi zanga ngati chitsiru.

Chitseko chinkawavuta chifukwa cha mphepo, ndiye anachitchinga ndi mwala. Ndinauzindikira ndili patali.

"Iwe, chotsa mwala uwo apo!" ndinakalipira mmodzi wa anyamata aja.

"Ni mwala chabe, mudala. Vuto ni chani?"

Mayi wina wa duku lakuda anatuluka, maso ali otupa. Anali akazi awo a a Sakala. Anayang'ana ine, anayang'ana mwala.

"Ndiwe Dalitso."

"Ndine, amayi."

"Atisiya mbandakucha, mwana wanga." Anawerama, nautola mwalawo, naupukuta ndi chitenje. "Anapita kwanu kukakufuna. Atate ako ang'ono anawabweza pakhomo, ati unapita ku Chipata."

Ku Chipata sindinapondeko m'moyo mwanga.

Anandiuza kuti chaka chilichonse, mpaka kupuma ntchito, a Sakala ankauonetsa mwalawo kwa ana a Giredi 9. Ankawauza kuti ndi wa Dalitso, awugwire koma phunziro lake likudikira mwini wake.

"Sanakuuzeni kuti anapera ndani?" ndinafunsa.

"Aja? Zaka zonsezi n'nakhala nawo, sananiyankhepo funso na limodzi."

Anafuna kuseka koma analira. Ndinakhala ndi azibambo panja mpaka madzulo. Nthochi anadya ana. Mwala ndinauika m'pulasitiki momwe munali nthochimo.

Pobwerera kondakitala analipiritsa twente faifi ndipo sindinatsutse. Munda wathu tsopano uli mkati mwa mpanda. Tsiku lina mwana wa m'nyumbamo adzauzidwa kuti pamenepo panali thengo lokhalokha.

Za munda ndi sukulu ndinasiya kulondola. Koma a Sakala apita ndi ngongole yanga: Lolemba limodzi lija la mwala wanga.