A Imelda a Pamafoni

Ku Guilleme ambiri amawadziwa a Imelda ngati mlimi wa mtedza, koma achikulire amawatchulabe a Imelda a pamafoni. Ntchitoyo anaiyamba ali ndi zaka makumi awiri, m'kachipinda ka kuseri kwa positi ofesi ina ya kufupi ndi malire. Masiku amenewo foni sinkapita yokha. Woimba ankapukusa chogwirira, kababu n'kuyaka pabolodi, iwo n'kufunsa amene akumufuna, kenako n'kulowetsa chingwe pabowo loyenera.

Ankaikonda kwambiri ntchito imeneyi. Dera lonselo linali ndi mafoni owerengeka, ndipo aliyense ankamuzindikira asanadzitchule: bambo mfumu a ku Ludzi amene ankayamba ndi kutsokomola, kapitawo wa esiteti ya fodya amene ankakuwa ngati ali kumunda, amayi ogulitsa zitenje oimbira abale awo ku Chipata. Uthenga wa maliro kapena wa mwana wobadwa unkadutsa m'manja mwawo, ndipo nthawi zina poweruka ankapalasa njinga kukaupereka okha kumudzi.

M'chaka chawo chachinayi kunabwera mwamuna wa jekete lotuwa, yemwe sananene dzina lake ngakhale kumene ankagwira ntchito. Anawauza kuti foni iliyonse yodutsa malire azimvetsera, n'kulemba m'kabuku amene waimba ndi zimene wanena. A Imelda anafunsa ngati panali kalata yolamula zimenezo. Mwamunayo anangofunsa za thanzi la bambo awo, n'kuwatchula dzina ndi mudzi womwe. A Imelda anamva tanthauzo lake ndipo anavomera.

Zambiri zimene ankalemba zinali zopanda pake: mtengo wa mchere, matenda, mvula. Koma tsiku lina mphunzitsi wina, a Cyprian, anaimbira achimwene awo ku Chipata, n'kudandaula kuti sukulu ilibe choko pomwe akuluakulu akungomanga nyumba. A Imelda analemba osaganiza kawiri. Patapita masabata awiri, a Cyprian anatengedwa. Anabwerako patatha zaka zitatu, atawonda, ntchito itatha. Lamulungu lililonse ankawapatsa moni a Imelda pakhomo la tchalitchi, ndipo a Imelda sanawauze chilichonse mpaka mphunzitsiyo anamwalira.

Chaka chatha a Imelda anamva pawailesi kuti aphungu a komiti ina ya Nyumba ya Malamulo akubwera kudzamva maganizo a anthu pa lamulo la ukazitape ndi kumvetsera mafoni. Anavala chitenje chawo chabwino n'kukwera minibasi. Muholo ya msonkhanowo munadzaza achinyamata odandaula za mauthenga awo a pafoni, ndipo iwo anadikira mpaka onse atatha.

"Ine ndinamvetsera mafoni a anthu zaka zisanu ndi chimodzi," anatero. "Palibe woweruza amene analoleza, ndipo palibe amene anadzafunsa kuti kabuku kanga kankapita kuti. Mulembe kuti wofuna kumvetsera aziyamba wapempha kukhoti, ndipo inu aphungu muzikaona zimene akuchita. Mulembenso kuti wantchito wamng'ono ngati mmene ndinalili ine akhale ndi kokadandaula akamakakamizidwa."

Phungu wina wamayi anawapempha kuti abwereze mfundo yomalizayo pang'onopang'ono, n'kuilemba.

Nkhaniyo inafika ku Guilleme iwo asanatsike minibasi. M'mawa mwake anapita kwa a Luwiza, mkazi wa malemu a Cyprian, kuti akamve kuchokera pakamwa pawo. Anawapeza akusesa pabwalo. Anakhala pamkeka n'kufotokoza zonse, osadzikhululukira.

"Amuna anga ankadziwa," anatero a Luwiza. "Pamafoni munali inu nokha. Atabwerako anandiuza kuti ndisakusungireni chakukhosi, chifukwa nanunso munali ndi makolo. Ine ndinasungabe, zaka zambiri ndithu."

A Imelda analira, ndipo a Luwiza anawasiya alire. Kenako anakambirana za ana ndi za mawondo amene akuwavuta onse awiri.

Lamulo lija aphungu akulikambiranabe, ndipo a Imelda sakudziwa ngati mawu awo adzalowamo. Mwezi wathawu a Luwiza anatumiza uthenga wowapempha kuti adzathandize kuphika pa chinkhoswe cha mdzukulu wawo ku Chiosya. A Imelda ayankha kuti apita.