Mpanda Wokhota Kuseri kwa Nkhokwe

Amuna anga anabwera kuchokera ku Halale ndi sutikesi ya malata, chipewa, ndi nthenda ya mizere yowongoka. Kumeneko ankasamala maluwa panyumba ya mzungu, ndipo atafika kwathu kwa Kaduya chilichonse chinkawaonekera chokhota: njira ya kuchitsime, mizere ya nandolo, ngakhale kaimidwe ka nkhokwe ya amayi. Nkhondo yaikulu ya azungu inali itatha, amuna ambiri akubwerera ndi nzeru za eni ake, koma anga anachita kunyanya.

Anati atimangira mpanda. Osati kampanda kobisa bafa ayi, koma weniweni wa tsekera, wozungulira kuseri konse, kuti mphepo yotsika pampata wa mapiri a Michesi ndi Mulanje isamatimwazire ufa pamphasa. Khonde alikuza, khola la mbuzi lipita pangodya, bafa uko. Ankajambula zonsezi pansi ndi kamtengo ngati mwini dziko, pomwe malowo anali a amayi, iwo mkamwini chabe.

Chimene sitinkachitchula ndi mwana. Popita ku Halale anandisiya ndili ndi pakati, ndipo mwanayo anabadwa osalira. Kwathu wotere samulira maliro, sapita kumanda, ndipo amuna sayandikira. Amayi ndi azimayi ena achikulire anamukulunga m'kansalu n'kutuluka naye ine ndili chigonere. Anandilangiza kuti ndisalire, ndisafunse, chifukwa ndikadziwa pamene wagona sindidzaberekanso. Ndinangozindikira kuti sanapite naye patali, popeza madzi amene anandiikira pamoto anali asanawire pamene ankabwerera. Kuyambira tsiku limenelo kuseri kwa nyumba ndinkayenda ngati woponda minga. Ndikakhuthula madzi otsukira mbale, mtima unkandiuza kuti mwina ndamuthira. Ndinkafunitsitsa kudziwa, ndipo ndinkaopa kudziwa.

Amuna anga anakhoma zikhomo n'kukoka chingwe cha khonje, akutsinzina diso limodzi kuti aone ngati chawongoka. M'mawa mwake chikhomo cha kuseri kwa nkhokwe, pafupi ndi chitsa cha mpoza, chinapezeka chozulidwa. Ananamizira mbuzi. Anakhomanso, chinazukanso, ndipo ulendo uno anakalipira ana a pamudzi. Ine ndinawaseka kuti mbuzi yanji yozula chikhomo n'kuchitsamiritsa bwinobwino pankhokwe. Ndisanamalize kuseka, ndinakumbukira mwana uja. Tsiku lonselo maso anga ankathawa chitsa chija.

Wozula anali amayi, ndipo analibe njira ina. Mpongozi ndi mkamwini kwathu sankayang'anana. Akakumana panjira, amayi ankapatukira kutchire mpaka amuna anga atadutsa. Mawu alionse pakati pa awiriwa ankadzera mwa ine, ngakhale opempha nkhwangwa. Tsono amayi akanatani? Kwa mkamwini sakanalankhula, ndipo wowatumikira yekhayo ndinali ine, munthu amene sankayenera kumva.

Nsichi zitabwera kuchokera kuphiri, kukumba kunayamba. Amuna anga ankatsata chingwe dzenje ndi dzenje, akuimba mluzu. Amayi anali pakhonde pawo atatifulatira, akusenda nandolo. Ndinkamva chitsulo chikulowa m'dothi, ndipo chikagunda muzu ndinkadzidzimuka ngati chagunda ine. Atatsala pang'ono kufika pachitsa, ndinaona manja a amayi ataima m'lichero. Anandiitana osatembenuka.

"Mwanaka, kawauze apongoziwo kuti pamenepo asakumbe."

"Akafunsa chifukwa ndikati chiyani?"

"Ukati ndatero ine."

Umo ndi mmene ndinadziwira manda a mwana wanga. Panalibe mulu, panalibe mwala, koma kaudzu ndi zitosi za nkhuku, malo amene ndinkayanikapo chinangwa. Ndinakwiya ndi amayi, ndinakwiya ndi mudzi wonse, koma miyendo inanditenga ndipo uthenga ndinakapereka.

Amuna anga anayamba kudandaula kuti mzere uwonongeka, kuti mpanda wokhota ndi wa munthu waulesi. Atandiyang'ana kumaso anasiyira pakati. Anaika chitsulo pansi mosamala, navula chipewa chawo chija. Za mwana anangomva pakamwa pa anthu ali kutali, ndipo chibwerereni sanandifunsepo. Kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Ndikhotetse kuti akhale m'kati, kapena kunja?"

Mtima wanga wonse unkati m'kati. Koma malo sanali anga kuti ndiuze munthu chochita, choncho funsolo ndinapita nalo pakhonde. Amayi anayankha m'Chilomwe, chimene ankachisungira nkhani zolemera, kuti wotere salowa pabwalo, akalowa amatsekera anzake njira. Ndinaona kuti maso awo anali ofiira. Ndinabwerera, ndipo ndi pakamwa panga ndinawauza amuna anga kuti kunja.

Anasuntha zikhomo, mpanda n'kupindikira kunyumba. Pomanga tsekera pamafunika anthu awiri, wina m'kati wina kunja, kumapatsirana luzi pakati pa udzu. Titafika pokhota paja ndinapempha kuti ine ndiime kunja, ndipo amuna anga sanakane. Ndinaima pambali pa chitsa, mapazi ndikuponda mochenjera. Luzi ndinkalibweza mochedwa dala, iwonso osandifulumizitsa. Udzu unabisa khonde, unabisa chitseko, unabisa nkhope ya amuna anga, n'kutsala zala zawo zokha zikutulukira ndi luzi. Mfundo yomaliza itamangidwa ndinakhalabe pomwepo, ndikuyang'ana kumbuyo kwa mpanda, mbali imene tinamusiyira. Kenako amayi anandiitana kuti ndilowe, ndipo ndinalowa.