Nsalu Yanga Inapita ndi Bayisikopo

"Amake mwana, nsalu yanu yoyela ija anakubwezelani a bayisikopo?" anandifunsa mai mnzanga wa nyumba yapafupi, tili pa mtondo.

Sanandibwezele. Zinali zaka za Chitaganya. Dzulo lake galimoto yoonetsa zithunzi inafika kwathu ku Kacholola, koma chinsalu chawo chinali chitang'ambika panjila yochokela ku Petauke. Ndinawabweleketsa yanga yofunda, imene amuna anga ananditumizila kuchokela kunchito ku Halale, ndipo a bayisikopowo anaimanga pakati pa mitengo iwili.

Chithunzicho chinali chophunzitsa kasungidwe ka chimanga. Bambo womasulila anafuula mpaka mwana anadzuka kumsana kwanga, koma pena anatopa nakhala chete, ndipo pamenepo ndiye panandikomela. Mai wa m'chithunzi anali kupeta. Gaga anali kuuluka padzuwa ngati inswa, kuwala kukutsetseleka pa mikono yake. Kenaka anaimitsa lichelo, nayang'ana kumseu nthawi yaitali. Palibe ananena amene anali kumudikila, koma ine ndinadziwa. Chigamba chimene ndinasoka ndekha pa nsalu yangayo chinali pa tsaya lake penipeni.

M'mawa ndinapeza galimoto itapita kale ku Nyimba, nsalu yanga ili momwemo.

"Ndiye mwangokhala phee? Inutu ndinu ozizila ngati madzi a mumtsuko!" anatelo mnzangayo.

Ndinangoseka, nkupitiliza kusinja. Mai wa m'chithunzi uja ndimamuonabe bwinobwino mpaka lelo. Chimene chinatayika ndi nsalu imodzi ya mayadi anai, basi.