Funso la a Esinati Linali Kumunsi

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndikutongola mtedza pakhonde la amalume ku boma la Chadiza. Ndinali nditamaliza maphunziro a bayoloje, satifiketi ikungogona m'sutikesi. A Zulu, amene anandiphunzitsa ku Chipata, anaimba foni kuti koleji ina yophunzitsa anthu ali kwawo ikufuna wothandizira. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Ophunzira athu ambiri anali aphunzitsi a m'midzi ndi othandizira pa zipatala zing'onozing'ono. Kalasi yawo inali bwalo la pa intaneti lomwe tinkalitcha foramu. Sabata iliyonse a Zulu ankaikapo funso. Wophunzira aliyense ankayenera kulemba yankho lake, kenako n'kuikira ndemanga pa mayankho a anzake awiri. Ine Lolemba lililonse ndinkatsegula laputopu yakale ya koleji, n'kuilumikiza ku foni yanga, n'kupereka mamakisi.

Vuto linali mabandulo a intaneti. Pa foni, foramu inkaonetsa mizere iwiri yoyamba ya zimene munthu walemba, ndipo kuti uone zonse unkayenera kudina n'kudikira netiweki ikomoke idzuke. Ndiye anzangawa, ochenjera ngati ndani, ankangosuzumira mizere iwiriyo n'kumata ndemanga yokonzeratu m'Chingerezi: "Mwalemba bwino, ndikugwirizana nanu." Ndinkaseka ndekha. Munthu akanalemba kuti mbuzi imaikira mazira akanapezabe ogwirizana naye.

Mmodzi yekha ankalemba ngati akulankhula ndi anthu. Anali a Esinati Banda, othandizira pa kachipatala ka ku Zingalume, amene ankafuna kudzakhala nesi. Ankalemba msanga ndiponso zazitali, motero ambiri ankathamangira kuika ndemanga pa iwo kuti athane nazo.

Titafika pa phunziro la zotengera kumtundu, funso linali lakuti: zimatheka bwanji makolo awiri athanzi kubereka mwana wodwala sikoselo, matenda aja a magazi? Lolemba nditatsegula, ndinapeza a Esinati ayamba bwinobwino monga mwa buku, kuti mwana amalandira mbewu ya matendawa kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Koma kumunsi mawu anasintha.

"Izi sindikuzidziwira m'buku mokha," analemba motero. "Mwana wanga Yamikani ankadwala matendawa, ndipo tamuika m'manda sabata ino. Abale a amuna anga akuti magazi oipa ndi a kwathu, ndipo akubwera Lamulungu kudzawatenga amuna angawo. Kodi ndamva bwino kuti zimachokera mbali zonse ziwiri? Wina anditsimikizire chonde, kuti ndikawauze ndisakukayika."

Pansi pake panali mndandanda wa ndemanga. "Mwalemba bwino, ndikugwirizana nanu." "Pitirizani choncho." Wina anaikapo kachithunzi ka manja akuomba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafika kumunsi, ndipo Lamulungu lija linali litadutsa dzulo lake.

Ndinaimba foni ya a Esinati, yosapezeka. Ndinabwereka njinga ya amalume n'kuuyatsa wa ku Zingalume, ndipo anthu a pachipatala anandilozera mudzi.

Ndinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe ndi amayi awo, mutu uli wometa. Nditapepesa monga timachitira, ndinadzitchula kuti ndine wa ku foramu uja.

"Oo, ndinu aphunzitsi?" anatero a Esinati. "Mwavutikiranji ndi dzuwa lonseli?"

"Ndabwera ndi yankho lanu, amayi. Munamva bwino. Matendawa amachokera kwa onse awiri, ndipo palibe amene analakwa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Zikomo. Koma atate a Yamikani anapita dzulo. Ndinayesa kuwafotokozera alamu anga, iwo n'kundifunsa kuti wavomereza zimenezo ndani. Ndinasowa dzina loti nditchule."

Ndinafunsa ngati anaziona ndemanga zija, ndikulakalaka atati ayi.

"Ndinaziona zonse. Netiweki kuno timaipeza pachulu icho. Foni ikalira ndinkathamangira pamenepo, n'kumati mwina uyu ndiye wawerenga. Aphunzitsi, kuno maliro akagwa, ngakhale amene simulankhulana amabwera n'kukhala pansi. Koma uko anandiombera m'manja."

Ndinalira ine mlendo, mpaka amayi awo ndi amene anayamba kunditonthoza. Potsanzika ndinawapempha kuti asasiye sukulu, iwo anangoti aona.

Nditafika ku boma ndinawafotokozera a Zulu pa foni. Anausa moyo. "Zomvetsa chisoni kwambiri, mwana wanga. Koma lamulo likuti woikira ndemanga anzake awiri alandire mamakisi. Apatseni." Ndinawapatsa, aliyense mamakisi athunthu.

Kenako ndinalemba pa foramu kuti mnzathu waferedwa, ndipo aliyense akatsegule zimene a Esinati analemba mpaka kumapeto. Sanali anthu oipa ayi. Mapepani anayamba kugwa ngati mvula, ena aataliatali. Mphunzitsi wina wa ku Pembamoyo, mwini kachithunzi ka manja kaja, anandiimbira akulira kuti nayenso anataya mchemwali wake ndi matenda omwewo, ndipo yankho ankalidziwa bwino lomwe.

Foramu imaonetsa tsiku limene munthu analowamo komaliza. Ndinkayang'ana pa dzina la a Esinati sabata ndi sabata mpaka temu inatha, koma tsikulo silinasinthe. Mapepani onse aja sanawaone.

Lero ndimaphunzitsa bayoloje kusekondale, ndipo ahedi amandidandaula kuti ndimachedwa kuchonga kuposa aliyense. Akunena zoona, ndipo sindidzasintha. Chilichonse chimene munthu wandilembera ndimachiwerenga mpaka liwu lomaliza, tsiku lomwelo ngati n'kotheka, chifukwa munthu wosweka mtima sayamba ndi zimene zikumupweteka. Amayamba ndi zimene mwamufunsa, zakezo n'kuziika kumunsi, ali ndi chikhulupiriro choti wina afikako.