Kakitasi wa ku Kitwe wandidanitsa ndi apongozi

Inu asisi ogulitsa maluwa pafupi ndi msika wa Chisokone ku Kitwe, mwandipalamulira mlandu. Apongozi anga aleka kudya chakudya chophika ine, ndipo chikwama amanga kale.

Mayiwa anabwera kuchokera ku Katete kudzakhala nafe ku Lubuto, kuno ku Ndola. Amakonda zomera, koma madzi kwathu mukuwadziwa, amabwera ngati mlendo. Ndiye Lachiwiri, nditagula nsalu zanga zosoka ku Kitwe, ndinati ndiwagulireko kakitasi, poti safuna kuthirira kawirikawiri. Asisiwa anandisankhira wamtali, wobiriwira, waminga. Ndinafunsa kuti ndi kakitasi weniweni? Akuti, "Ee mayo, orijino." Ndinapereka 150 kwacha, n'kumufungatira m'minibasi mpaka ku Ndola, minga ikundibaya pachifuwa.

Kufika kunyumba ndinagwada bwinobwino, monga tinalangidwira, n'kupereka. Apongozi anayang'anitsitsa, kenako anathyola kansonga ndi chikhadabo. Utomoni woyera ngati mkaka uwo, chuu!

"Mpongozi," anatero motsitsa mawu, "uyu ndi m'bale wake wa nkhadze. Kwathu timabzala kumanda. Mwatopa nane?"

Mayo ine! Ndinachita kusowa pothawira.

Atate a Chisomo, amuna anga, m'malo mondithandiza anayamba kufufuza pafoni. Akuti amayi akunena zoona: kakitasi satuluka mkaka, ndipo minga yake imamera mulu pa kaubweya. Wangayu minga iwiriiwiri, ngati nyanga za mbuzi. Zikomo bambo, mwaukhazika bwino mlandu wa mkazi wanu.

Lachinayi ndinabwerera ku Kitwe. Ndinafika 10 hours, asisi ali pafoni. Atamaliza kuseka ndi anzawo anandiuza kuti zomerazi zimafanana kwambiri, ngakhale azungu amasokoneza. Ndinati nanga mkakawu? Akuti mwina ndinathirira kwambiri. Ine kuthirira? Ku Lubuto?

Anaitana abwana awo. Abwanawo, tayi pakhosi, anati masiku ano mtundu wa chomera sadziwira maso, amayeza DNA ku labu. Akuti nditumize kachidutswa, zotsatira zikabwera tidzakambirana.

DNA! Chomerachi ndi mwana wokanidwa ndi bambo ake kodi? Mayi a ku Katete anachiyeza ndi chikhadabo chimodzi, inu mukufuna labu? Nanga pogulitsa paja, orijino munamuyezera kuti?

Sindikufuna ndalama zanga, idyani. Ndinangopempha kuti mmodzi wa inu akwere nane basi, akauze apongozi ndi pakamwa pake kuti wolakwitsa ndi iye, ine ndinapita ndi mtima woyera. Asisi anati, "Awe mayo, ifya fupwa tatwingilamo." Eti za m'banja salowerera. Chonsecho m'banjamo munalowa kale, muli mumphika wamaluwa.

Zikundiwawa, chifukwa mayi amenewa ndimawakonda. Ndi amene anandisamalira nditabereka Chisomo. Akakwera basi Loweruka, ku Katete konse kudzamveka kuti mkazi wa mwana wawo anawagulira maluwa a pamanda akadali moyo, ndipo kuchigwirizano cha amayi kutchalitchi ndidzalowa ndi nkhope iti?

Anzanga, mukamagula kakitasi tengani singano. Bayani pamaso pa wogulitsa. Ukatuluka mkaka, siyani pomwepo.

Inu asisi, Loweruka lisanafike ndikuoneni ku Lubuto. Chomera chanu simudzavutika kuchipeza. Apongozi achichotsa pakhonde m'mawa uno, achiika pawindo la kuchipinda kwanga.